Wakuba Walonjera Apongozi Anga

Lolemba, 9 Juni 2025

Kuzizira. Madzi a m'ndowa ngati singano. Amake Chipo akadali ku Kitwe, kusamalira Chipo ndi khanda. Kuno ku Nabvutika nyumba zii. Ndaphika ndekha, ndapsereza ndekha, ndadya ndekha.

Nkhani yabwino: abusa anditsimikizira. Mwezi wamawa andiika ukulu wa mpingo. Ine Whiteson, kalaliki wa sitolo ya feteleza ndi mbewu. Ndagwada kuthokoza. Ndili chigwadire maso agwera pansi pa bedi pomwe pali nsapato, pemphero lathera pomwepo. Ambuye mundikhululukire. Yakumanja yayasama ngati mlamba. Ndipo woikidwa ukulu amagwada kutsogolo, kunsi kwa nsapato kuloza mpingo wonse.

Pa Fesibuku pali mayi wogulitsa nsapato ku Lusaka. Zakuda, zosongoka, zowala. Ndaziyang'ana nthawi ya ntchito, bwana atatuluka. Izinso mundikhululukire.

Lachiwiri, 10 Juni

Ndalipira theka pa foni. Mayiyo waulemu wake, mawu ngati wa Chigwirizano. "Dadi musade nkhawa, mawa zikwera basi."

Madzulo wayimba mwamuna, akuti wa ku ofesi ya mabasi. Akuti nambala ya katundu wanu yabwera pa foni yanu, tiwerengereni. Yabweradi. Ndamuwerengera pang'onopang'ono, momveka, ngati ndaimirira pa guwa. Wathokoza. Ine ndamudalitsa. Pansi pa manambalawo panali timawu ta Chingerezi, koma magalasi anali m'jekete, jekete kuchipinda.

Amake Chipo sindinawauze. Adzangoona ndikuwala.

Lachinayi, 12 Juni

Nsapato kulibe. Watsapu kulibenso.

Dzulo ndinathera pa siteshoni, basi iliyonse yochokera ku Lusaka kuilandira ngati mkwatibwi. Kondakitala wina anachita kunditsegulira pansi ponse: matayala, mabelo a zovala za salaula, kabokosi ka anapiye. Foni ya mayi uja yozima. Pofika kunyumba foni yanga yayamba kulira osalekeza. Manambala aja sanali a katundu. Anali kiyi wa Watsapu yanga, ndipo ndinapereka ndi dalitso pamwamba.

Wakubayo walembera aliyense amene ali m'foni mwanga. Akuti kusitolo kwasowa matumba a feteleza, bwana akufuna ndilipire, apo ayi kupolisi. Akuti tumizani pa nambala iyi, musauze munthu, ndili ndi manyazi. Uthenga womwewo wapitanso kwa bwana wanga mwini wake. Anauwerenga mokweza pa kauntala, kenako anapita kukawerenga matumba. Onse alipo. Anabwera akupukuta misozi ya phwete.

Alamu anga aFackson ayimba kuchokera ku Lusaka. Moni sanapereke. "Mulamu, mukanayamba mwafunsa kuti kodi, musanapereke khodi." Anaseka okha mpaka mayunitsi anatha, anagula ena nkuyimbanso kuti amalize kuseka.

Amake Chipo ndawauza zonse. Iwo: "Nsapato zake zinali nambala chani?" Ndati eyiti. "Inu mumavala naini." Zoona.

Lachisanu, 13 Juni

Tsiku lonse pa mizere. Kubanki ndasintha nambala yachinsinsi, chifukwa m'mawa wayimbanso wina akuti wa kubanki, akaunti yanu ili pangozi, tipatseni manambala tikutetezeni. Mawu ake omwe aja a ku ofesi ya mabasi. Ndamuuza kuti wakwezedwa pa ntchito msanga. Wadula.

Ndalama za m'banki sanazikhudze. Sakanapezamo zolemera.

Mtsikana wa pa ofesi ya mafoni wamutulutsa wakubayo m'Watsapu yanga, koma akuti inenso ndidikire sabata, chifukwa munthuyo anaikapo loko wake. Nyumba ndi yanga, tonse tili panja.

Ndayimbira anthu kuwachenjeza. Mnzanga Stanley ku Ndola, a msuweni ku Katete, a kwaya, a kusitolo. Palibe amene watumiza kanthu. Mulungu alemekezeke.

Koma ndilembe zoona, poti pano sawerengapo munthu. Ndakondwa, inde. Pansi pa kukondwako pali kena. Anthu onsewa, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe amene anathamanga. Stanley akuti anadziwa msanga kuti sindine chifukwa uthengawo unali waufupi, "iwe ukanayamba ndi vesi". A msuweni akuti anakhulupirira, koma anali kuyembekeza malipiro. Ndikanakhala kuti ndili m'chitokosi lero, ndikanagona momwemo. Maganizo oipa. Ndawapempherera, sanachoke onse.

Lamulungu, 15 Juni

Abusa alengeza m'tchalitchi kuti uthenga wochokera kwa aWhiteson si wa aWhiteson. Anawonjeza kuti nkhosa zisamawerengere mimbulu manambala. Mpingo wonse kuseka, amayi a kumbuyo mpaka kuwomba m'manja. Ndinaseka nawo, mapazi nditabisa pansi pa benchi.

Wakubayo wakwiya kuti ndikumuwonongera msika. Mauthenga pa foni wamba, nambala zosinthasintha. "Mudala khala chete. Nili na mapikicha yako, nizayaika pa Fesibuku." Ndinakhala pansi nkuganiza zithunzi zonse zimene ndinatumizapo. Tomato wa kuseri kwa nyumba. Malisiti a feteleza. Ine nditagona pa ukwati wa Chipo, kukamwa pululu. Chimenecho aFackson anachiika kale pa Fesibuku chaka chatha. Mtima unakhala m'malo.

Ndinkaganiza kuti zatha. Madzulo amake Chipo ayimba, mawu ena ena. Wakubayo asanatulutsidwe anapeza dzina lakuti Apongozi m'gulu la banja. Anawalembera. Atatsekeredwa panja anatsegula nambala ina, naikapo chithunzi changa cha suti, nkuwauza kuti iyi ndi nambala yanga yapadera, ya inu nokha. Akucheza tsiku ndi tsiku. Amake mkazi wanga, ku Tamanda, akucheza ndi ine.

Ine amene chikwatire sindinalankhulepo nawo.

Lolemba, 16 Juni

Tulo pang'ono. Kuntchito ndalembera mlimi mbewu ya soya m'malo mwa mpendadzuwa.

Ana a masiku ano sangamvetse. Ine ndi apongozi timathawana. Akabwera njira iyi, ine ndilowa m'chimanga. Ndikafika kumudzi, iwo kuseri kwa khitchini, ine pansi pa mtengo wa mango, mawu amayenda ndi amake Chipo. Anzathu amamasulana mwana woyamba akabadwa: nkhuku imodzi, akulu awiri atatu, nkhani yatha. Ife Chipo anabadwira ku Chipangali kumene ndinali pa depoti, chaka chomwecho apongozi aamuna anatisiya, za nkhuku zinaiwalika m'maliro. Kenako aliyense anadikira mnzake kuti ayambe. Lero Chipo ali ndi wake mwana, ife tikadali m'chimanga. Nkhope yawo ndimaidziwa pa zithunzi. Iwo sanadanepo nane, ine sindinadanepo nawo. Ulemu basi, unangokula mopitirira ngati dzungu losakololedwa.

Amake Chipo andiwerengera mauthenga amene amayi awo awatumizira monyadira. Wakubayo amayamba m'mawa: "Amai anga mwauka bwanji, nakuyewani." Ine kunena nakuyewani, kuti ndakusowani, kwa apongozi. Khutu linatentha ngakhale ndinali ndekha. Iwo amayankha ndi chala chimodzi, magalasi pamphuno, Chinyanja cha sukulu ya mishoni chokhala ndi mipumiro yonse. Amuuza za mbuzi yobereka mapasa, za denga lodontha, za bondo. Iye mawa lake: "Bondo ili bwanji lelo amai?"

Sindinkadziwa kuti bondo limawavuta. Wakuba akudziwa, ine ayi.

Ndalama sanatumize, chifukwa alibe. Koma amulonjeza. Loweruka kukubwera wogula nsawa ndi sikelo yake. Akufuna kugulitsa zonse, ndi zambewu zomwe, kuti akamwini awo asagone m'chitokosi.

Mmodzi yekha amene wathamanga. Ndipo ndi iwo.

Lachiwiri, 17 Juni

Chithunzi changa cha suti chili pa tsamba la mayi wa nsapato uja, pansi pake alemba kuti kasitomala wokhutira wa ku Chipata. Ndikumwetulira ngati ndavala nsapatozo.

Mayi wina wa ku Kabwe, aJuliet, anaberedwa za diresi la ukwati wa mng'ono wawo. Andipeza pa Fesibuku. Alemba pansi pa chithunzi cha tomato wanga kuti mbala yovala tayi, nkhope ngati ya dikoni koma mtima wa fisi. Anzawo awonjezera zawo, zina sindingalembe m'buku limene limagona pafupi ndi Baibulo. Wina akuti mutu wanga ngati chitsa. Ndinapita pa galasi.

Ndawayankha mwaulemu, ndafotokoza zonse, ndi za nambala eyiti zomwe. Madzulo afufuta. Alemba: "Pepani atate, ndiye kuti tonse ndife opusa." Ndavomera. Akuti tili ambiri, Kabwe, Ndola, Mongu, atsegula gulu lokadandaula kupolisi pamodzi. Andiika kukhala wotsegula ndi pemphero, Watsapu ikabwerera.

AFackson apita pa adiresi ya sitolo ya nsapato. Apeza pometera tsitsi. Akuti poti anafika kale, anametetsa.

Lachitatu, 18 Juni

Amake Chipo alankhula ndi amayi awo nthawi yaitali. Zakanika. Apongozi akuti: "Mwamuna wako anandiuza kuti udzakana. Ali ndi manyazi, iwe usamuwonjezere." AFackson ayesanso. Amayi awo awauza kuti iwe unayamba kale kunyoza mlamu wako, ndi suti yake ya ukwati yomwe unaiseka. AFackson akuti sakanatsutsa, sutiyo inali yoseketsa.

Mawu omaliza a apongozi kwa amake Chipo: "Ndidzamva kwa mwini wake."

Mwini wake ndine.

Nambala yawo ndili nayo. Foni wamba ikugwira. Nthawi ya nkhomaliro ndinapita kuseri kwa sitolo, ndinavula chipewa, ndinadina. Italira kamodzi ndinadula. Thukuta m'nyengo yozizira ino. Ndikanati chiyani? Halo? Kwa apongozi? Ndiponso iwo sangayankhe, dzina langa likaoneka angaike foni pansi nkutuluka m'nyumba. Kulemba uthenga: wakubayo wawauza kale kuti nambala yakale ili m'manja mwa akuba. Mnyamata ameneyu akanakhala wa Mulungu akanakhala mlaliki woopsa.

Ndawerenga za Mose, wolemera pakamwa. Iye anapatsidwa Aroni. Aroni wanga ali ku Kitwe akuchapa matewera.

Lachisanu, 20 Juni

Bwana andipatsa tchuthi mawa. Akuti pita, koma usawerengere munthu nambala panjira.

Ndagula shuga, sopo, mafuta opaka bondo. Kenako ku msika wa Kapata ndagula nkhuku. Thadzi lofiira, lolemera, lamaso aukali. Kugula nkhuku m'tauni kupita nayo kumudzi, wogulitsa yemwe anandifunsa kawiri. Ndalama zake ndi zimene ndinasungira theka lina la nsapato.

Akulu oti atimasule palibe, sindinaitane munthu. Mwina ndikulakwira mwambo. Mwina ndinaulakwira kale pousunga mopitirira. Sindidziwa. Ndayeseza mawu pamaso pa nkhuku m'khitchini: Amayi, ine sindine amene mukucheza naye. Ikumveka ngati ya munthu wamisala. Nkhuku yandiyang'ana ndi diso limodzi.

Ambuye, Inu munatsegula pakamwa pa bulu.

Lamulungu, 22 Juni

Ndabwera. Ndilembe zonse ndisanaiwale.

Kabasi kanachedwa kudzaza, kenako tayala. Chigawo chomaliza pa njinga yamoto, nkhuku kukhwapa, fumbi m'mano. Ndinafika dzuwa litakwera. Matumba a nsawa ali kale pabwalo, osokedwa, ndi kathumba kambewu komwe kali pambali. Wa sikelo anali pa nyumba yachitatu, ndinkamumva akukangana. Pakhomopo palibe wina, onse ku maliro kutsidya. Apongozi okha, atatsala chifukwa cha bondo.

Ndinaima m'mphepete mwa bwalo nkutsokomola, monga ndichitira nthawi zonse kuti adziwe apatuke. Ndinangoona nsonga ya chitenje ikulowa kuseri kwa khitchini. Ndinakhala pansi pa mango. Nkhuku ndinaiika pakati pa bwalo, yomanga miyendo. Womutuma palibe.

Kenako mawu kuseri kwa khoma, aang'ono koma akuthwa: "Nkhuku iwe, uwafunse alendo ayenda bwanji."

Ndinayang'ana nkhuku. Ndinati iwauze kuti ayenda bwino, koma abwera ndi nkhani yolemera. Iwo anati iwauze asavutike, nsawa zikupita lero lomwe, madzulo bwana wawo alandira zake. Ndinati iwauze kuti kusitolo sikunasowe kanthu, ndipo amene akuwalembera si ine, ndi wakuba. Iwo: "Uwauze kuti manyazi pa mayi wawo ngosafunika. Tinamasukirana kale pa foni."

Tinazungulira choncho, nkhuku ikujompha chingwe. Wa sikelo anafika pa nyumba yachiwiri. Ndinagwira chipewa ndi manja onse awiri nkuyamba kupemphera chamumtima.

Pomwepo foni inalira kuseri kwa khitchini. Kamodzi, kenako kawiri. Ndinamva akufunafuna magalasi. Anawerenga mokweza, pang'onopang'ono, monga awerengera onse a msinkhu wawo: "Amai, nili ku polisi manje manje, tumizani fasti." Kenako mutu unasuzumira pakona pa khoma. Duku loyera, magalasi. Anayang'ana manja anga ali pa chipewa. Anayang'ana foni. Inaliranso ali chiyang'anire.

Mutu unabwerera. Ndinamva akukhala pansi, bondo linalira.

Wa sikelo analowa pabwalo ndi moni wake waukulu. Anamuyankha okha kuti lero sagulitsa, mtengo ukakwera adzamuitana. Anapita akung'ung'udza. Nsawa zapulumuka, ndinati mumtima, tsopano nditsanzike kudzera kwa nkhuku ndizipita. Ndinali nditagwira kale chikwama.

Koma anayambanso, mawu atatsika. "Nkhuku iwe. Ndiye kuti zonse zija, zoti ndine mayi wawo, zoti bondo lili bwanji, zinali za wakuba?"

Apa sindidziwa chinandigwira. Sindinayang'ane nkhuku. Ndinayang'ana khoma la khitchini, ndinati: Amayi, zala zinali za wakuba, koma mawu anaba anga. Ndinali nawo zaka zonsezi, ndinkasowa podutsira. Bondo lili bwanji?

Ndinamva mawu anga akugunda khoma nkubwerera. Ndinafuna kulowa m'chimanga, koma chimanga anakolola.

Kampando kanayamba kutuluka, kukokedwa pansi. Kenako iwo. Anakhala chammbali, maso ku nkhokwe. Ndi aafupi kuposa pa zithunzi. Anati: "Likupweteka. Wakuba uja ndinkamunamiza kuti lili bwino, kuti asade nkhawa." Tinaseka tonse, aliyense kuyang'ana kwake.

Nkhuku anaipha okha, sanalole ndiwathandize. Akuti yamva zambiri. Anthu pobwera ku maliro anatipeza tikudya pa mphasa imodzi, mayi wina anaponya mtolo wa nkhuni pansi nkuyamba nthungululu, ena anamukumbutsa kumene akuchokera. Achimwene a malemu apongozi aamuna anati mwambo sunayende bwino, panafunika akulu. Apongozi atawapatsa ntchafu, anati komabe wayenda.

Wakubayo anamulembera okha, ine ndikuona, chala chimodzi. Anamuuza kuti akamwini anga enieni ali pano, iwe ulape, ndipo amako uziwafunsa za bondo monga unkandifunsira ine. Kenako anandipatsa foni kuti ndimutseke.

Ndinagona komweko. Denga likudonthadi, nyenyezi zimaoneka. Ndibwerera ndi malata mvula isanayambe. Kupemphera ndapemphera ku mishoni, m'nsapato zanga zomwe zija, palibe amene anayang'ana pansi.

Lachiwiri, 24 Juni

Watsapu yabwerera, mochedwa. Mauthenga mulu. Gulu la aJuliet lafika anthu ambiri, ndatsegula ndi pemphero, wina wa ku Mongu wati lifupike.

Amake Chipo sakukhulupirira. Andifunsa katatu kuti pa mphasa imodzi? Akuti amayi awo awauza kuti mwamuna wako amalankhula kwambiri, sindinkadziwa. AFackson akufuna ndiwabwezere za kumeta.

Vuto latsopano. Apongozi akuti zolemba sakuzikhulupiriranso, ndiziyimba. Koma mawu anga sanawazolowere, awamva tsiku limodzi lokha, wakuba wochenjera angawatsanzire. Chimene amachidziwa bwino, chimene achimva zaka zonsezi m'mphepete mwa bwalo, ndi chifuwa changa. Ndiye lamulo ndi ili: foni ikalumikizana ndiyambe ndatsokomola, iwo akazindikira ndipo tilankhule.

Dzulo ndinatsokomola mwaulemu, pang'ono. Anadula. Ndinayimbanso, ndinatsokomola chenicheni, cha pansi pa mango. "Eya, ndinu. Mwadya?" Tinacheza za mapasa a mbuzi mpaka bwana anagogoda pa kauntala.

Lero m'sitolo mwadzaza alimi, mzere mpaka pakhomo. Ndikulemba izi pa nkhomaliro, kuseri kwa matumba. Foni ikulira. Ndi iwo, ayimba okha, koyamba. Bwana ali apa, makasitomala ali apa, ndipo pakhosi pali bwinobwino, chifuwa palibe ndi pang'ono pomwe. Ndiyese kutsokomola.